Makobili Amene Makina Analavula

Achimwene anga a Secundino, amene anthu ankawatchula Don Cundo, tinawaika m'manda Loweruka. Lachitatu lotsatira ndinatsikira ku tauni ya Utuado kukagula tchizi ndi mabisiketi a anthu obwera kudzapemphera korona, pakuti mapemphero a womwalira amatenga masiku asanu ndi anayi, ndipo munthu sapemphera bwino m'mimba muli zii. Ndinalowa m'sitolo ya buledi ya Doña Provi, ndinapereka ndalama yapepala, iye n'kumwaza chenji pa kauntala monga amachitira masiku onse.

Kakobili kena kanalira mosiyana.

Wosazolowera sangamve. Makobili a masiku ano akagwa amangoti thi, ngati batani la malaya. Akale aja, a siliva, amati ngwiii, mawu n'kutsalira m'khutu. Anandiphunzitsa ndi achimwene. Iwo akaweruka kumunda wa khofi ankakhala pakhonde n'kumatembenuza makobili limodzilimodzi, kufunafuna akale. Lachinayi lililonse ankatsikira ku tauni kukasuzumira m'kambale ka m'munsi mwa makina owerengera makobili a m'sitolo yaikulu. Makinawo sadziwa siliva. Amamuyesa wabodza n'kumulavula, ndipo anthu othamanga amamusiya pomwepo.

Ndinakatola kakobiliko. Kanali ka masenti khumi, kopyapyala, koma kachikasu, kopakidwa golide amene anali atayamba kusuluka m'mphepete. Ndinakazindikira nthawi yomweyo.

Pa ukwati wa kwathu mwamuna amathira makobili khumi ndi atatu m'manja mwa mkazi pamaso pa wansembe. Achimwene anathira m'manja mwa alamu anga a Eulogia timakobili ta siliva topakidwa golide, ine ndili pambali ndi maluwa. Alamu atamwalira, achimwene sanatiike m'kabati. Anatiponya m'chibotolo chachikulu cha galasi lobiriwira momwe ankasungira makobili wamba a zaka zambirimbiri, nati, "Mbuzi yonona umaibisa pakati pa mbuzi zinzake, Minia." Ndinkadziwa ndine ndekha.

Chibotolocho chinasowa Lachinayi limene achimwene sanatsikire ku tauni chifukwa bondo linawatupa. Madzulo ake anapezeka ali gone m'munsi mwa masitepe a pabwalo loanikira khofi, mutu utasweka. Apolisi anagwira Wilfrido, mlendo wa dziko lina, bambo wa ku Santo Domingo wothyola khofi amene ankagona m'kanyumba kakuseri. Ndiye anawapeza, ndiye anali ndi magazi pamalaya, ndipo analibe wachibale womulankhulira. Chibotolo sanamupeze nacho, koma anati wachikwirira m'thengo. Ine pogona ndinkapempha Mulungu kuti Wilfrido afe pang'onopang'ono.

Koma Wilfrido anali m'chitokosi kuyambira tsiku lomwelo, ndipo munthu wa m'chitokosi sagula buledi.

"Doña Minia, mwaona mzukwa?" anatero Provi. "Khalani pansi, khalani pansi, Namwali Woyera! Ndinanena ine, maliro awa akumalizani. Mukudya koma? Simukudya, ndikuonera khosi."

"Provi, kakobili aka kabwera ndi ndani?"

"Aka? Ha! Ngati simukukafuna ndikusinthireni. Ndinamuuza ine kuti zoseweretsa ana sindilandira, koma munthu wake pakamwa ngati wailesi, umangolandira kuti atuluke."

"Ndani?"

"Nicasio, mlonda wa sitolo yaikulu uja, wa mimba ngati ng'oma. Amabwera m'mawa uliwonse kudzamwa khofi ndi zotolatola zake. Dzulo akuti, 'Doña Provi, lero ndikulipirani ndi golide, mundilole ukwati.' Ine ndinati golide wakoyo ukagulire lamba, buluku likugwa."

"Ali nato tina?"

"M'thumba mwake mumalira ngati belu la pakhosi pa mbuzi. Doña Minia, tchizi wanu! Mwasiya tchizi!"

* * *

Nicasio ndinamupeza atatsamira makinawo pakhomo pa sitolo, chipewa chili pamphuno.

"Bambo mlonda."

"Ndili maso, mayi, ndili maso! Ndimangopumitsa diso limodzi, linalo lili pa ntchito."

Ndinamuonetsa kakobili. Anayang'ana ine, anayang'ana ku ofesi ya bwana wake.

"Aaa, mayi, ine sindinabe. Zimene makina alavula, mwini wake n'kuzisiya, ndi za mbalame za m'mlengalenga. Mbalame yake ndine."

"Sindinabwerere mlandu. Ndikufuna kugula tonse tachikasu timene muli nato. Kalikonse ndikupatsani peso yathunthu."

"Peso yathunthu pa ka masenti khumi? Mayi, muli pabanja?"

Anakhuthula thumba m'chipewa. Munali mabatani, makobili a mayiko ena, ndi timakobili ta alamu anga. Ndinatitola kamodzikamodzi. Tina tinali titapita kale ku khofi, koma tambiri tinalipo. Pa kena panali dontho louma lakuda. Sindinalipukute.

"Anathira ndani m'makinamu?"

"Linali Lolemba, titangotsegula. Mnyamata wamtali, wometa bwino, wonunkhira mafuta okwera mtengo. Anabwera ndi zidebe ziwiri za penti zodzaza makobili, kunyamula chimodzichimodzi chifukwa dzanja lamanja linali mu bandeji. Ndinati, m'bale, wathyola bokosi la chopereka? Sanaseke. Anthu ena sadziwa kuseka, mayi, ndi matenda. Makina anatsamwa kawiri. Nditatsegula ndinapeza magalasi, tizidutswa tobiriwira tokhuthala ngati mano a kavalo. Pomaliza ndinamuuza kuti m'munsimu mwagwa tina, tenga. Iye akuti, 'Zabodza izo, taya.' Anakalandira ndalama zake zamapepala, ulendo."

"Mumamudziwa?"

"Ine ndine wa ku Arecibo, mayi, anthu a kumapiri kuno nkhope zanu ndi imodzi. Pepani. Koma wa pachifuwa pake ndinkamudziwa."

"Wa pachifuwa?"

"Anavala tisheti ya maliro, zija mumasindikiza nkhope ya womwalira. Mdala wa chipewa cha udzu. Ndi yemwe uja ankabwera Lachinayi lililonse kudzandilanda zolavula, tinkathamangitsana ngati nkhuku pa chimanga. Ndinati mumtima, ha, mdala wapita, adzukulu ayamba kale kugawana."

Anandiyang'anitsitsa, natsitsa chipewa chija pang'onopang'ono.

"Mayi... mphuno yanuyo."

"Anali achimwene anga," ndinatero.

* * *

Matisheti amenewo anasindikizitsa ndi Efraín, n'kugawira amuna onyamula bokosi. Efraín ndi mwana wathu wa ubatizo. Ine ndinamugwira mutu, achimwene anagwira kandulo, wansembe akuthira madzi, ndiye chifukwa chake ine amanditchula madrina. Bambo ake anamusiya akuyamwa, choncho nsapato yake yoyamba anagula ndi achimwene, kuyendetsa galimoto anamuphunzitsa ndi achimwene. Pamanda ndiye analankhula m'malo mwa banja, ndipo analira mpaka amayi awiri anachita kumugwira. Dzanja lake lamanja linali mu bandeji. Anatiuza kuti anadzitema ndi chikwanje Lachisanu, polambula njira yoti bokosi lidutse. Za Lachinayi, tsiku la imfa, anauza apolisi kuti ananyamuka mbandakucha ndi nthochi kupita ku Ponce, ndipo anagona konko.

Ndinapita kupolisi kwa Sajeni Berríos. Ndi munthu wotopa, wa maso ofiira, koma anandipatsa mpando ndipo anamvetsera mpaka kumapeto.

"Doña Herminia," anatero, kunditchula dzina langa lonse, "pepani kwambiri, koma makobili alibe dzina. Mboni yanu ndi mlonda wogona pa ntchito. Tisheti anavala amuna angapo."

"Wa bandeji anali mmodzi."

"Chabwino, tinene kuti ndi iye. Adzanena kuti chibotolo anachitola m'thengo momwe wakuba anabisa, dyera n'kumugwira. Ndi tchimo, koma si kupha. Ndipo ku Ponce ogula nthochi anamuona."

"Anamuona nthawi yanji?"

Sajeni anakanda khosi. "Madzulo."

"Ponce ali kuseri kwa phiri, a Sajeni, si kutsidya kwa nyanja."

"Mundipezere munthu amene anamuona kumtunda kuno Lachinayi masana. Apo ayi, Lachiwiri wa ku Santo Domingo uja akupita kundende yaikulu, ndipo kumeneko chophweka ndi kulowa."

Ndinawathokoza bwinobwino n'kutuluka. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

* * *

Mayi ake a Efraín dzina lake ndi Genoveva, koma tonse timati Beba. Tinakulira limodzi, tinkatunga madzi pa kasupe mmodzi, ndipo chibatizireni mwana wake timaitanana comay. Ndinamupeza Loweruka pakhonde akusenda nandolo. Pazenera panapachikidwa diresi loyera la Glorimar, mtsikana amene Efraín anali pafupi kukwatira.

"Comay! Lowa, usaime padzuwa ngati wokhometsa msonkho. Wawonda, Minia, wawonda. Khala apa, manja agwire ntchito mtima upume."

Tinasenda nandolo. Tinakamba za mvula, za mtengo wa khofi, za wansembe watsopano amene amathamangitsa Misa ngati akusiyidwa ndi basi. Ndinamwa khofi wake. Sindinafulumire.

"Dzanja la mwana wathu likupola?"

"Likupola, Mulungu ngwabwino, koma linali bala loipa, comay. Galasi silicheka ngati mpeni, limang'amba."

"Galasi? Ine ndinamva chikwanje."

"Ha! Chikwanje amauza anthu, manyazi a chimuna. Anaswa galasi la galimoto kuseri uku, pafupi ndi khola la nkhumba. Phokoso lake ndinayesa kumwamba kwagwa. Ndikuthamangira, akuti, 'Amayi musabwere, mupondapo!' Mwana wachifundo, magazi ali chuchuchu koma akuganizira mapazi a mayi ake. Anasesa yekha, ndi dzanja limodzi."

"Linali Lachisanu limenelo?"

"Lachinayi, masana. Ndikudziwa chifukwa ndilo tsiku limene madzi amabwera pampopi, ndinali ndi zochapa mulu. Ndinamumanga ndi nsalu ya pilo, iye n'kukweza nthochi, ulendo wa ku Ponce. Ndinati usayendetse ndi dzanja limodzi, amamva ngati? Ana awa." Anapukusa mutu akumwetulira. Kenaka nkhope inagwa. "Tsiku lomwe lija, Minia. Ife tikulimbana ndi kabala ka dzanja, kumtunda uko Don Cundo ali gone pa masitepe, chilombo chija chitawapha. Ndikaganiza zimenezo, chakudya sichilowa."

Ndinamugwira dzanja. Linali lofunda, lonunkhira nandolo wamuwisi.

Patapita kanthawi ndinapempha kupita kuseri. Pafupi ndi khola la nkhumba, nkhuku zinali zitapalasa dothi. Sindinafunefune nthawi yaitali. Ndinatola chidutswa cha galasi lobiriwira, lokhuthala, lopindika, chokhala ndi mbali ya kamwa la botolo. Galimoto ilibe galasi lotero.

Ndikuchikulunga m'kampango, ndinamva injini ikukwera chitunda. Pikapu ya Efraín inaima pabwalo, magalasi ake onse ali bwinobwino, akunyezimira.

"Madrina! Mdalitso."

Kwathu mwana sadutsa wamkulu osapempha mdalitso.

"Mulungu akudalitse," ndinatero.

Anandikweza kuti akanditule kunyumba. Njira yonse ankakamba za ukwati: nkhumba ziwiri zowotcha, oimba ochokera ku Ponce, holo ya ku tauni. "Akanakondwa bwanji Don Cundo, madrina," anatero, napukuta diso ndi bandeji ija. Ine ndinkayang'ana khosi lake, pamene mtsempha umagunda.

"Lolemba ndilo tsiku lomaliza la mapemphero," ndinati. "Ubwere ndi Glorimar. Achimwene anakusiyira mphatso ya ukwati."

Sindinaname. Mwezi wathawo achimwene anandiuza kuti adzaswa chibotolo chija ukwati ukayandikira. Timakobili ta a Eulogia adzapatsa Efraín kuti akathire m'manja mwa mkazi wake, ndipo makobili ena onse adzalipirira oimba.

"Mphatso?" anatero Efraín, maso akuwala. "Yotani, madrina?"

"Udzaiona."

Nditafika kunyumba ya achimwene ndinatenga chikwanje chawo n'kukhala nacho pamwala wonolera. Ndinachinola mpaka chinameta ubweya wa pamkono panga. Ndinkaona m'maganizo mmene zingathere: kukhapa kamodzi, mwina kawiri, iye n'kugona phee. Achimwene anagona pa masitepe aja kuyambira masana mpaka madzulo, akupuma, ntchentche zikuwatera. Kukhapa kamodzi kunali kochepa. Ndinachipachika pamalo pake.

* * *

Lolemba nyumba ya achimwene inadzaza mpaka pakhonde. Tinayamba dzuwa likadali pamwamba pa phiri kuti a kutali abwerere kukuwala. Sajeni ndinali nditawauza za Beba ndi za galasi, ndipo anabwera atavala zawamba, nakhala pafupi ndi chitseko. Nicasio ndinamulonjeza nyama ya nkhumba, n'kumukhazika kukhitchini kuseri kwa nsalu yotchinga, ndi mbale yokhutitsa anthu atatu. Efraín anagwada kutsogolo penipeni, pafupi ndi chithunzi ndi makandulo, atavala tisheti ija, ndipo mawu ake ankaposa a wina aliyense.

Korona itatha, amayi akuyamba kugawa chokoleti chotentha, ndinaimirira.

"Abale, musanamwe. Achimwene ankafuna kupereka mphatso kwa mwana wawo wa ubatizo pa ukwati wake, imfa inawatsekereza. Efraín, Glorimar, bwerani kuno."

Anthu anang'ung'udza mwachifundo. Beba anayamba kale kulira.

"Tambasula manja, mwananga. Onse awiri."

Ndinamasula kampango n'kukhuthulira timakobili m'manja mwake. Agogo ena a kumapeto kwa benchi anasuzumira, nagwira pakamwa. "Ta Eulogia! Ta ukwati wa Eulogia ndi Cundo!"

Efraín ankangoyang'ana m'manja mwake. Milomo inamuyera.

"Sitinakwane khumi ndi titatu," ndinati. "Tina munthu wina anamwera khofi. Koma thira tomweto m'manja mwa mkazi wako, monga mwa mwambo. Ndipo umuuze kumene unationa komaliza."

"Madrina, sindikumva chimene mukunena."

"Bambo Nicasio, tabwerani mudzapereke moni."

Nsalu inatseguka. Nicasio anatuluka ali ndi nthiti ya nkhumba m'manja, mafuta ali pachibwano.

"Eee, m'bale wa zidebe! Dzanja lapola? Unati nditaye, unati nzabodza. Waona? Mayiwa anandigula peso yathunthu kalikonse. Ukadzabweranso usaiwale kusefa magalasi, makina athu alibe mano." Anayang'ana anthu onse ali chete, natsitsa nthiti ija. "Ndalakwitsa?"

"Ndinachitola," anatero Efraín, mawu akuthamanga. "Chibotolo ndinachitola m'thengo, Lachisanu, polambula njira. Wakuba uja anabisa. Ndinalakwa, madrina, ndinalakwa kusanena, koma ukwati..."

Ndinaika chidutswa cha galasi patebulo, pambali pa chithunzi cha achimwene.

"Ichi ndachitola kuseri kwa khola lanu la nkhumba. Comay Beba, uza anthu tsiku limene unamanga dzanja la mwana wako."

"Lachinayi," anatero Beba, akupukuta misozi, akadamwetulira pang'ono. "Tsiku la madzi, masana. Ukufunsiranji, Minia? Si ndinakuuza kale..."

Anaima. Anayang'ana galasi lija, anayang'ana mwana wake. Ndinaona nkhope ya mnzanga ikukalamba ndili chiimire.

"Unandiuza kuti unali ku Ponce chiyambire m'mawa," anatero Glorimar, nabweza manja ake kumbuyo. "Efraín, tandiyang'ana. Unandiuza kuti unali ku Ponce."

Timakobili tinagwa n'kumwazika pansi pa mabenchi.

"Linali Lachinayi!" anakuwa Efraín. "Lachinayi amakhala ku tauni, aliyense akudziwa! Anawauza ndani kuti akhale pakhomo? Anandigwira malaya pa masitepe, nkhalamba yokakamira ngati nkhupakupa. Ndinangowakankha kuti andisiye, kungowakankha basi!"

"Ankapuma pamene unkanyamula chibotolo?" ndinafunsa.

Anatembenukira kuchitseko.

Benchi inagwa. Amuna anaimirira, anzawo a achimwene othyola nawo khofi chiyambire unyamata, ndipo wina anali atathothola kale chikwanje chija pakhoma. Sajeni anakweza dzanja, koma anali yekha, ndipo palibe anamuyang'ana. Ine ndinaima pakati.

"Palibe amukhudze. Pachikani chikwanjecho."

"Doña Minia, chokanipo! Galu uyu wadya m'mbale ya Cundo!" anakuwa mmodzi wa iwo.

"Ndati pachikani. Maliro ndi anga."

Efraín anagwa pansi n'kugwira siketi yanga ndi manja onse. "Madrina, zikomo, madrina, mundikhululukire, zikomo."

"Usandithokoze," ndinatero motsitsa, monga ndinkamulankhulira ali mwana akadwala malungo. "Wakufa samva kanthu. Iwe ukadali mnyamata, thupi lako n'lolimba, achimwene anakudyetsa bwino. Ndikufuna ukalambire m'menemo. Tsiku lililonse la mlandu udzandiona pa benchi yakutsogolo. Tsiku limene adzaganize zokutulutsa msanga ndidzabwera, ngakhale atachita kundinyamula. Mlandu suwola, mwananga. Tsopano vula."

"Madrina?"

"Vula nkhope ya achimwene anga. Sikupita nawe."

Anavula tisheti ija movutikira, ndi dzanja limodzi, ndipo palibe anamuthandiza. Ndinailandira n'kuipinda. Sajeni anamutulutsa ali chifuwa pamtunda, kudutsa pakati pa anthu onse amene anamuona akulira pamanda. Amayi anapatuka ngati akudutsa wakhate.

Pakhomo Sajeni anatembenuka. "Wa ku Santo Domingo uja, Doña Herminia..."

"Dzina lake ndi Wilfrido. Mawa m'mawa ndibwera kudzamutenga ndekha. Mumuuze, ndipo akakana kukwera nane galimoto imodzi, musamukakamize."

* * *

Anthu anamwazikana osamwa chokoleti. Glorimar anapita ndi abale ake osatsanzika. Nicasio anagwada n'kutolera timakobili pansi pa mabenchi, natiika patebulo tonse, osasunga n'kamodzi komwe, ndipo anachoka wopanda nthabwala.

Kukhitchini ndinamva madzi. Ndinapeza Beba akutsuka makapu, chifukwa pa maliro aliwonse a m'mudzi mwathu ndiye amatsuka makapu, ndipo manja ake sankadziwa china chochita. Ndinatenga nsalu n'kuyamba kupukuta. Tinagwira ntchito choncho mpaka makapu anatha.

"Unamwa khofi wanga," anatero, osandiyang'ana. "Unasenda nandolo wanga. Unandigwira dzanja."

"Inde."

"Unandisandutsa mpeni wophera mwana wanga, pamaso pa anthu onse. Ukanandiuza, Minia. Zaka zonsezi. Ukanabwera n'kundiuza ngati mnzako."

"Ukanamuthawitsa."

Anatulutsa manja m'beseni, akudontha.

"Ndikanamuthawitsa," anatero.

"Ndimadziwa, comay."

"Usanditchulenso choncho."

Anapukuta manja pa siketi yake, osati pa nsalu imene ndinamupatsa, natuluka. Ndinamuperekeza ndi maso akutsika njira ya m'khofi, yekha, mpaka mpango wake unasowa. Kenaka ndinatseka geti, ndinatenga tsache ndi zofunda zochapa, n'kupita kukakonza kanyumba kakuseri ka Wilfrido kaja.